Milu ya Patasoni Kuseri kwa Mpanda

Pa gulupu ya pafoni ya mpingo wathu wa ku Balga, mumzinda wa Perth, pali chithunzi chimene sindifuna kuchiona, koma chimandilonjera m'mawa uliwonse. Pachithunzipo pali anthu a Mulungu ataimirira m'dambo, atavala zipewa ndi magolovesi, mano onse pamtunda. Pakati pawo pali a Harvey, mkulu wa mpingo, atakweza khasu m'mwamba ngati chikho cha mpira. Mwini ntchito, a Msaiwale, palibepo. Anali atawatuma kukagula matumba.

Ine Margreth, amake Zikani, si munthu wolankhulalankhula. Chimwalirireni amuna anga, a Brown, moyo wanga ndi kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, kutchalitchi, ndi kwanga. Koma nkhani ya a Msaiwale yandiima pakhosi ngati munga wa nsomba, ndipo ndayesa kuitsitsa ndi pemphero, yakana.

A Msaiwale anabwera ku Perth kuno motsatira akazi awo, a Gladness, amene ndi namwino ku Joondalup. Kwawo ku Mponela anali mlimi wa mtedza ndi soya, munthu wa ngolo yake ndi ng'ombe zake. Atafika kuno dzina lawo linatha, anangosanduka "amuna a anesi". Anayesa kutsuka magalimoto, anayesa kukolopa m'maofesi. Kunyumba yalendi anadzala nkhwani m'zidebe, mwini nyumba n'kudandaula kuti zikudetsa simenti. Amuna anzawo kutchalitchi sankawasiya.

"A Msaiwale, lero mwasita kale mayunifomu a madamu?"

Iwo ankangoseka, n'kumapotokola chipewa m'manja. Manja amenewo ndi amene ankandimvetsa chisoni. Anali manja akuluakulu, osowa chogwira.

Kuntchito kwanga kunkagona bambo wina wachizungu wodwala matenda oiwala. Mkazi wake, Katherine, ankabwera Lachitatu lililonse kuchokera kufamu yawo, kupitirira Bullsbrook. Tsiku lina ndikumusintha zovala bamboyo, Katherine anayamba kudandaula za dambo lawo. Linali m'mbali mwa kamtsinje, ndipo anali atagwirizana ndi bungwe lina losamalira zachilengedwe kuti dambolo lisalimidwe, lisapoperedwenso mankhwala, chifukwa munali timaluwa tachilengedwe ndi achule amene kwina anatha kale. Bungwelo linamuthandiza waya wa mpanda ndi mbande za mitengo. Mbali yake inali imodzi: asalole udzu wotchedwa patasoni kumwaza mbewu m'dambomo. Chaka chilichonse, maluwa akayamba, a bungwe ankabwera kudzayendera. Ndiye popeza mankhwala anali oletsedwa, patasoniyo ankafunika kuzulidwa ndi manja, ndipo mawondo a Katherine anali atatha.

Ndinati ndikudziwa munthu.

Patasoni ndi udzu woipa, ngakhale ndi wokongola. Mvula ya mu Juni ikagwa amamera chogona, masamba atayala pansi ngati mbale. Pofika Sepitembala amaimirira n'kuchita maluwa a mtundu wa jakaranda, moti ukamadutsa pa galimoto umati Mulungu wayala chitenje paphiri. Ali ndi ubweya woyabwa, komanso muzu umodzi wautali umene ukaduka amaphukanso. Hatchi ikamudya kwa masabata angapo, chiwindi chimawonongeka, ndipo sichibwereranso.

A Msaiwale anamudziwa mdani ameneyu msanga. Ankapita mvula itangokata, nthaka ili yofewa, ndi kachitsulo kosongoka, n'kumazula mmodzimmodzi ndi muzu womwe. Chilichonse chozulidwa chinkalowa m'thumba nthawi yomweyo, thumba n'kumangidwa, n'kukatayidwa kumalo otayira zinyalala. Katherine anawauza tsiku loyamba chifukwa chake, ndipo iwo ankabwereza kwa aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe: patasoni akakhala wamuwisi, hatchi yokhuta imamulambalala chifukwa cha ubweya ndi kuwawa, akafota amakoma, koma ululu uli momwemo.

"Kwathu udzu ukauzula ndiye kuti wafa," ankatero. "Uyu ukamuzula n'kumusiya pansi, ndiye wamulemba ntchito."

Munthu uja anasintha. Anayamba kuyenda mowongoka. Pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero ankatulutsa foni n'kumationetsa timaluwa tating'ono tooneka ngati akangaude, tina ngati makutu a bulu, tomwe tinabwerera m'dambo patasoni atachepa. Ankati "dambo langa", ndipo Katherine anawapatsa kiyi wa geti kuti azilowa nthawi iliyonse. Pafamupo panali hatchi yaikazi yotuwa, yokalamba, imene inali ya mwamuna wa Katherine. Inkakonda kuima pa kachulu, choncho a Msaiwale anaitcha Anaphiri. Akamazula m'mbali mwa mpanda, Anaphiri ankawatsatira kutsidya kwake, iwo n'kumawafotokozera mitengo ya feteleza ya kumudzi.

Mwamuna wa Katherine anamwalira chaka chatha mu Meyi. Ndinali m'gulu la amene anamutsuka. Chaka chomwecho mvula inagwa yambiri, ndipo patasoni anamera ngati wina wachita kufesa. A Msaiwale analimbana naye mpaka msana unayamba kukana. Tsiku la oyendera linali pafupi, maluwa atayamba kale kuuma m'munsi. Ndiye anachita zimene mlimi aliyense wa kwathu akanachita: anaimirira m'tchalitchi n'kupempha dima. Anati anthu abwere Loweruka adzawathandize, iwo agula nyama yootcha ndi zakumwa, a Gladness aphika thobwa.

A Harvey anailanda nkhaniyo isanafike pansi. Anati ndi mwayi woonetsa azungu kuti mpingo wathu umatumikira dera. Anapanga dongosolo la magalimoto, anasankha wojambula.

Ine Loweruka limenelo ndinali pa shifiti, a Gladness nawonso. Zimene zinachitika ndinazimva kwa a Inonge, mlongo wathu wa ku Lusaka, amene analipo kuyambira m'mawa.

Akuti asanayambe, a Msaiwale anawasonkhanitsa pageti n'kufotokoza za matumba. Anthu ankaseka.

"Imwe ba Msaiwale," anatero a Inonge, "ivi vimaluwa vili che bwino. Nitengeko vamu vazi ku nyumba?"

"Tengani, mayi, koma musadzandiitane pamaliro a mphaka wanu."

Ntchito inayenda. Anthu athu akagwira khasu amakumbuka kwawo, ndipo nyimbo zinayamba zokha. Pofika masana matumba anatha, dambo likadali ndi chigawo chachikulu. A Msaiwale anati anthu apume kaye. A Harvey anakana.

"Tikakhala pansi sitidzukanso. Inu ndi amene mukudziwa njira, thamangani ku Bullsbrook mukagule ena. Mutigulirenso ayisi."

Atachoka, anthu anapitiriza kuzula n'kumaunjika milu, monga timachitira popalira. Milu itakula, wina anati aiotche, wina n'kukumbutsa kuti kuno moto umafuna chilolezo. Kumapeto kwa dambo kuli mzere wa mitengo ya bulugamu, kuseri kwake kuli mpanda, ndipo kutsidya kwa mpandawo kuli kachigwa ka udzu wautali. A Harvey analoza kumeneko.

"Ponyani kutchire uko. Ziuma zokha."

"Koma ba Msaiwale banakamba ati mu masaka chabe," anatero a Inonge.

"Mayi, ine ndinabadwira m'munda. Mchombo wanga uli pamzere wa chimanga. Ndiphunzitsidwe kutaya udzu lero, ndi imvi izi?"

Anthu anaseka, n'kuyamba kunyamula. Anaponya zonse kuseri kwa mpanda, kenaka anajambulitsa chithunzi chija.

A Msaiwale atabwerera anapeza dambo lili mbee, anthu ali pamthunzi, nyama ili pamoto. Anayang'ana matumba odzaza m'ngolo ya galimoto, anayang'ana dambo.

"Zotsala zija zili kuti, akulu?"

"Tathana nazo. Khalani pansi mudye."

"Mwathana nazo bwanji, poti matumba ndi awa ndabwera nawowa?"

"A Msaiwale," anatero a Harvey mokweza, kuti onse amve, "mwatiitana kuti tidzakuthandizeni, kapena kuti mudzatilembetse mayeso?"

Anasekanso. Pa anthu onse aja panalibe mmodzi woti anene kuti, bambo, kayang'aneni kuseri kwa mitengo. A Msaiwale anaganiza kuti mwina azipondereza m'matumba omwe aja. Komanso munthu amene wathandizidwa ulele safunsa kachitatu. Anathokoza aliyense pogwirana chanza, ndi manja awiri.

Mawa lake msana unawagoneka, ndipo anatha masabata ali chigonere. Oyendera anabwera, anayamikira dambo, anapita. Katherine, monga ankachitira chaka chilichonse nyengo imeneyo, anatsegulira Anaphiri kachigwa kaja kuti azidya udzu wa kumeneko. Limene anthu athu ankaliyesa tchire linali khola. Kuno kulibe tchire lopanda mwini.

Mu Novembala, majakaranda atachita maluwa m'misewu ya Perth, hatchi ija inayamba kuwonda. Inkayenda mozungulirazungulira ngati yaiwala kumene ikupita. Kenaka inkangoima itatsamiritsa chipumi pamtengo wa mpanda, osasuntha, ntchentche zili m'maso. Dokotala wa ziweto atayeza magazi anati ndi chiwindi, ndipo anafunsa chimene yakhala ikudya. Katherine anatsika m'kachigwa ndi ndodo yake, n'kupeza milu ija, youma, itadyedwa mpaka pakati. Dokotala anaibaya jakisoni woigoneka, ndipo anaikwirira pafupi ndi kachulu kake. Katherine anaimbira a Msaiwale n'kunena mawu ochepa: asabwerenso, kiyi atumize.

Kwathu munthu sapita yekha kokapepesa. Amapita ndi wamkulu woti amulankhulire. Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, a Msaiwale anawatsatira a Harvey pamalo oimika magalimoto. Ine ndinali pafupi, ndikulongedza makapu a tiyi m'galimoto yanga.

"Akulu, ndimati mundiperekeze kwa mayi uja."

"Kukatani?"

"Kukagwada. Chiweto chafera m'manja mwathu."

"Mwathu? A Msaiwale, samalani malankhulidwe. Kuno si ku Mponela. Kuno ukangoti pepani, loya walemba kale. Mukudziwa kuti m'gulu lija muli anthu angati amene akudikira mapepala okhalira? Mukufuna ana a anthu abwezedwe chifukwa cha hatchi yoti inali itatha kale mano?"

"Sindikatchula munthu. Mukangokhala pambali panga basi."

"Tikupemphererani," anatero a Harvey, n'kutseka chitseko cha galimoto.

Ndinati, "Bambo, ine ndine mzimayi, komanso si mkulu wa mpingo, koma ndikuperekezani."

Tinapita Lachiwiri masana, dzuwa likuswa mtengo. A Msaiwale anali atagula nkhuku yamoyo, yathadzi, kwa mlimi wina ku Wanneroo, n'kuiika m'katoni yoboola. Anavala jekete. Pofika, sanakwere pakhonde. Anavula chipewa n'kunjuta pansi pa masitepe, maso ali pansi, katoni ili patsogolo pawo. Katherine anatuluka atatupa maso.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi nkhuku, mayi," ndinatero.

"Nkhuku? Hatchi ya mwamuna wanga, nkhuku?"

Ndinamufotokozera kuti si malipiro, kuti kwathu wolakwa safika chimanjamanja, nkhukuyo imangotsegula pakamwa. Sindikudziwa ngati anamva. Maso ake anali pa a Msaiwale.

"Msaiwale, imirirani. Ndiyang'aneni. Bwanji simukundiyang'ana?"

Iwo anaweramitsanso mutu, poti ndiwo ulemu umene anaphunzitsidwa. Katherine anaona ngati akubisa kanthu, ndipo n'zoona, ankabisa.

"Ndani anaponya milu ija?"

"Ndine, mayi."

"Inu? Inu amene munkandikalipira ine ndikagwetsa tsamba limodzi panjira? Ndikanamva kuti ndi alendo anu aja, osadziwa, ndikanalira n'kuiwala. Koma ngati ndinu, mukudziwa zonse, ndiye kuti zaka zonsezi sindinakudziweni. Ndikufunsanso. Ndani?"

"Mlandu ndi wanga, mayi."

Apa ndinalephera kupirira. Ndinanena zonse: za matumba, za ku Bullsbrook, za kuseri kwa mitengo, za msana. A Msaiwale anatembenuka n'kunena m'Chichewa, motsitsa, "Amake Zikani, chonde." Sindinasiye.

Katherine anakhala pampando wa pakhonde. Kenaka anati, "Margreth, inu munamutsuka mwamuna wanga, ndimakukhulupirirani. Koma simunalipo. Uyu analipo, ndipo akuti ndi iye. Sindisumira munthu aliyense, khoti silidzutsa hatchi. Amene analamula abwere pano anene ndi pakamwa pake, andiyang'ane. Akatero, kiyi ndibweza. Sindingapereke geti langa kwa munthu amene sindikudziwa kuti akundiuza zoona liti."

Analowa m'nyumba. Katoni ija tinaisiya pamthunzi wa khonde.

M'galimoto, titadutsa Bullsbrook, a Msaiwale anatembenukira kwa ine.

"Mwandivula, mayi."

"Ndakuvulani ine? Osati amene anakutumani ayisi?"

"Mwini dima ndiye mwini mlandu. Anthu aja anasiya ntchito zawo chifukwa cha ine. Ukaitana anthu kumunda, wina n'kuthyola khasu la eni, sunena kuti wathyola ndi uje."

"Anabwera chifukwa cha chithunzi."

"Ngakhale zili choncho, anadya nyama yanga."

Ndinawakwiyira nawonso tsiku limenelo, ndipo mkwiyowo sunathe wonse. Ulemu wawo unali kudyetsa anthu osayenera.

Lamulungu, pa nthawi ya zolengeza, ndinaimirira. Chiyambireni kupemphera mumpingo umenewu ndinali ndisanalankhulepo kutsogolo, moti ena anayesa ndikufuna kulengeza maliro. Ndinanena zimene Katherine ananena: palibe khoti, palibe loya, palibe chindapusa. Akufuna munthu mmodzi yekha apite akanene kuti ndife tinaponya, sitinadziwe, pepani. Ndinati ulendo wake ndi waufupi kuposa umene timayenda kukagula ufa ndi usipa kusitolo za amwenye. Ndinati mbale wathu achotsedwa pa ntchito yokhayo imene inawabwezera umunthu m'dziko lino, chifukwa chotibisa ife.

Amene ankaimba kwambiri m'dambo muja ankayang'ana nsapato zawo. A Msaiwale anali kumbuyo, nkhope ili m'manja.

A Harvey anaimirira pang'onopang'ono, akumwetulira ngati munthu wonyengerera mwana.

"Tathokoza, amayi athu. Tonse tikudziwa kuti mayiwa adutsa m'zowawa, mtima ukadali wanthete. Azungu amalankhula bwino pakhonde, koma kalata imabwera pambuyo. Nkhaniyi tiyeni tiipereke m'manja mwa Ambuye."

Anayambitsa nyimbo, ndipo anthu anailandira mwamphamvu, ngati anthu amene apulumuka. Ine sindinaimbe. M'manja mwa Ambuye! Ngati kuti Ambuye ndi kuseri kwa mpanda, koponyerako zimene zatilemera kunyamula.

A Inonge anandipeza panja akulira. Anati akanapita, koma amuna awo awaletsa, poti viza yawo ili m'manja mwa kampani. Ndinawagwira dzanja. Mantha awo ndikuwamvetsa, tonse tinabwera kuno ndi mapepala ndipo timagona nawo kumutu. Koma a Harvey ndi nzika ya dziko lino, pasipoti ali nayo, nyumba anagula. Iwo chimene ankaopa si loya. Ankaopa kuima pamaso pa nkhalamba yachizungu n'kunena kuti ine, wobadwira m'munda, sindinadziwe.

Katherine anadikira mpaka Khirisimasi itadutsa. Palibe anapita. Chaka chino anatuluka m'mgwirizano uja, poti panalibenso womuzulira, n'kuitana munthu wa thirakitala yopopera mankhwala. Patasoni anafa, pamodzi ndi timaluwa tija ta pafoni ya a Msaiwale. Iwo anabwerera kokolopa m'maofesi. Kutchalitchi amabwerabe, amakhala kumbuyo, ndipo a Harvey akamadutsa, a Msaiwale amawapatsa moni ndi manja awiri. Za mayunifomu palibenso amawaseka. Ndiwo malipiro okhawo amene mpingo unawapatsa.

Mu Ogasiti, mvula itagwa, ndinapita kwawo kukasiya mbale ya a Gladness. Ndinapeza a Msaiwale akutsitsa matumba omanga pakamwa m'galimoto, mawondo a buluku ali matope.

"Bambo, awa ndi a kuti?"

Anachita manyazi ngati ndawagwira akuba. A Gladness ndi amene anayankha ali pakhomo. "Afunseni, mayi. Tsiku lopuma lililonse, petulo wanga. Amakazula m'ngalande ya mumsewu, kunja kwa mpanda wa mzungu uja."

"Madzi a m'ngalandemo amatsikira m'dambo," anatero a Msaiwale. "Amatenga mbewu. Mankhwala aja sapha mbewu ili m'nthaka, ndiye pakabweranso hatchi ina..."

"Dambo lake liti, bambo? Anakulandani kiyi," ndinatero.

"Msewu ndi wa boma. Safuna kiyi."

Ndinafunsa ngati Katherine amawaona. Anati amadutsa pa galimoto. Tsiku lina anachepetsa liwiro, koma sanaime. Kenaka anandiyang'ana, maso akuwala ngati a munthu amene wasunga kanthu kabwino.

"Koma nkhuku ija sanabweze, amake Zikani. Ndimaiona ikupalasa kuseri kwa nyumba. Ili ndi anapiye."

Kwathu nkhuku ikalandiridwa ndiye kuti mlandu watha, ndipo sindinafune kuwauza kuti Katherine mwambo umenewo saudziwa, anangoona chamoyo chili m'katoni padzuwa n'kuchipatsa madzi. Ndinawathandiza kunyamula thumba limodzi. Linali lolemera, lonyowa, ndipo ubweya wake unandiyabwa m'manja mpaka madzulo.

Ndapempha kawiri kuti chithunzi chija achichotse pa gulupu. A Harvey akuti chimalimbikitsa achinyamata kutumikira.